Mutu 24: Watts Humphrey, Mmisiri wa Dongosolo la Ntchito

Kompyuta ndi makina ochita zinthu mofulumira kwambiri, koma alibe nzeru zawozawo. Kuti kompyuta iwerengere ndalama za kubanki, itsogolere ndege mumlengalenga kapena itumize uthenga pa lamya ya m'manja, pamafunika munthu woti ayambe wailembera malangizo. Malangizo amenewa amatchedwa pulogalamu. Amalembedwa mzere ndi mzere, ndipo kompyuta imatsata mzere uliwonse monga momwe walembedwera. Mwana akatumidwa kugolosale kuti akagule mapaketi 100 a mchere m'malo mwa paketi imodzi, amadabwa, nabwerera kukafunsanso. Kompyuta siidabwa ndipo siibwerera. Imangochita zimene yauzidwa, zabwino ndi zolakwa zomwe.

Pulogalamu yaikulu imakhala ndi mizere mamiliyoni, yolembedwa ndi anthu mazanamazana. Kodi anthu ochuluka chotere angagwire bwanji ntchito imodzi, ndi kuimaliza pa nthawi yake, osasiyamo zolakwa zoopsa? Mmodzi mwa anthu amene adathera moyo wawo pa funso limeneli ndi Watts Humphrey wa ku America.

Watts adabadwa pa 4 Julayi 1927 mumzinda wa Battle Creek, m'chigawo cha Michigan. Atayamba sukulu, zinthu sizidamuyendere bwino. Anzake ankawerenga, koma iye zilembo zinkangomusokoneza, mwakuti adalephera kalasi yoyamba yeniyeniyo. Bambo ake, amene adaphunzira za uinjiniya, adakana kuti mwana wawo ndi mbuli. Iwo adati wolephera si mwana ayi, koma sukulu imene idasowa njira yomuphunzitsira. Motero adasamutsa banja lonse kupita ku Connecticut, kumene kudali sukulu imene mphunzitsi ankatha kukhala pansi ndi mwana payekha. Patapita zaka kudadziwika kuti Watts adali ndi vuto lotchedwa dyslexia. Vuto limeneli limachititsa munthu wanzeru bwinobwino kuvutika powerenga ndi polemba.

Kusukulu yatsopanoyo Watts adayamba kuwerenga pang'onopang'ono, ndipo pomaliza sekondale mu 1944, ndiye adali woyamba m'kalasi mwake. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idali isanathe, choncho adalowa usilikali wa pamadzi. Atachoka ku usilikali adakaphunzira sayansi ya fizikisi ku yunivesite ya Chicago, kumene mmodzi mwa aphunzitsi ake adali Enrico Fermi, katswiri wodziwika dziko lonse. Adaphunziranso za kayendetsedwe ka bizinesi. Mu 1953 adayamba ntchito kukampani ya Sylvania mumzinda wa Boston, ndipo mu 1958 mnyamata uja adalephera kuwerenga adatulutsa buku lake loyamba, lofotokoza za kayendedwe ka magetsi m'kati mwa kompyuta. Chaka chotsatira, mu 1959, adalowa ntchito kukampani ya IBM, kumene adakhalako zaka 27.

Mu 1964 kampani ya IBM idalengeza za makompyuta atsopano otchedwa System/360. Makompyuta a masiku amenewo sadali oika m'thumba ayi. Imodzi yokha ndi zipangizo zake inkadzaza chipinda. Mabanki, maboma ndi makampani akuluakulu adaitanitsa makinawo mwaunyinji. Koma makina opanda pulogalamu ali ngati ngolo yopanda ng'ombe. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, yotchedwa OS/360, idachedwa kwambiri, ndipo imene idayamba kutuluka idali ndi zolakwa zambiri.

Mu 1966 a Humphrey adaikidwa kukhala mkulu woyang'anira ntchito yolemba mapulogalamu. Pansi pawo padali anthu pafupifupi 4,000, ogwira ntchito m'malo 15 a m'mayiko 7. Akadakhala mkulu wina, bwenzi atangokalipa ndi kulamula kuti aliyense awonjezere changu. Koma vuto silidali ulesi. A Humphrey adayendera malo a ntchitowo napempha kuona chikonzero, ndiye kuti pepala losonyeza ntchito zoyenera kuchitika, wozichita, ndi nthawi imene iliyonse idzatenge. Chikonzero chotere padalibe. Masiku olonjezedwa kwa ogula adalipo ndithu, koma padalibe wotha kusonyeza m'mene masikuwo adawapezera.

Atawafunsa amisiriwo kuti njira yabwino yogwirira ntchito yotere ndi iti, iwo adayankha bwinobwino kuti ndi kuyamba ndi chikonzero. Nanga adalekeranji? Adati adalibe nthawi. Yankho limeneli n'loseketsa, komanso n'lomvetsa chisoni. Anthu ankaidziwa njira yoyenera, koma ankaitaya pa nthawi yeniyeni imene idali yofunika koposa, monga munthu wa paulendo amene akuthamanga osafunsa njira chifukwa choti wachedwa.

Tsono a Humphrey adachita chinthu cholimba mtima. Adalamula kuti pulogalamu iliyonse isalengezedwe kapena kutumizidwa kwa ogula chikonzero chake chisanafike patebulo pawo, ndipo adapatsa magulu onse masiku 60 oti akonze zikonzerozo. Masiku atsopano amene adatuluka adali akutali kuposa oyamba aja, ndipo zimenezi sizidakondweretse anthu onse. Komabe, monga momwe a Humphrey adafotokozera pambuyo pake, padapita zaka ziwiri ndi theka gulu lawo lisanaphonyepo tsiku limene lidalonjeza. Anthu adali omwewo, makina adali omwewo. Chimene chidasintha ndi kagwiridwe ka ntchito.

Maganizo amenewa sadayambe ndi a Humphrey. Akatswiri ena monga Walter Shewhart, W. Edwards Deming ndi Joseph Juran adali ataphunzitsa kale eni mafakitale kuti ubwino wa katundu umachokera ku njira imene katunduyo wapangidwira. Woumba njerwa amazidziwa zimenezi. Njerwa zikamatuluka zokhota, iye sakhalira kusankha zokhotazo ndi kuzitaya imodzi imodzi mpaka dzuwa kulowa. Amayang'ana chikombole, amayang'ananso dothi ndi kuchuluka kwa madzi. Akakonza chikombole, njerwa zonse zotsatira zimatuluka zowongoka. Anthu ambiri ankati nzeru imeneyi ndi ya kufakitale kokha, popeza kulemba pulogalamu ndi ntchito ya m'mutu, yosaoneka ndi maso ndiponso yosayezeka. A Humphrey adatsutsa. Iwo adati ntchito ya m'mutu nayonso ili ndi chikombole chake.

Masiku amenewo chizolowezi chidali chakuti amisiri alembe pulogalamu yonse mofulumira, kenaka ayambe kuiyesa kuti apeze zolakwa. Koma kuyesa sikupeza zolakwa zonse, pakuti njira zimene pulogalamu yaikulu ingayendemo n'zosawerengeka. Ndiponso cholakwa chikapezeka mochedwa, kuchikonza kumadya nthawi ndi ndalama zambiri. Mmisiri akaona kuti maziko a nyumba apendeka pa tsiku lomwe wawakumba, amawawongola ndi khasu. Akazindikira denga litakwera kale, ndiye kuti khoma ligwetsedwe.

Zolakwa zina siziwononga ndalama zokha. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina a kuchipatala otchedwa Therac-25, amene ankathandiza odwala khansa ku America ndi ku Canada, adatentha odwala 6 ndi mphamvu yopyola muyeso chifukwa cha zolakwa za m'pulogalamu yake, ndipo ena mwa iwo adamwalira. Pa 4 Juni 1996, chombo cha mumlengalenga chotchedwa Ariane 5 chidaphulika chisanathe ngakhale mphindi imodzi chinyamukire, chifukwa nambala ina idakula kuposa malo amene pulogalamu idaisungira.

Mu 1986, ali ndi zaka pafupifupi 60, a Humphrey adapuma ntchito ku IBM. Anthu ambiri pa msinkhu umenewu amakhala pakhonde ndi kumacheza ndi adzukulu. Iwo adapita ku Pittsburgh, ku yunivesite ya Carnegie Mellon, kumene kudali bungwe lofufuza za mapulogalamu lotchedwa Software Engineering Institute. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1984 ndi ndalama za unduna wa zachitetezo wa America. Undunawo udali pamavuto. Unkalipira makampani ndalama zankhaninkhani kuti aulembere mapulogalamu, koma ntchito zambiri zinkachedwa ndi kudya ndalama zoposa zimene adagwirizana. Kampani iliyonse pofunsira ntchito inkalonjeza zokoma. Nanga boma likadadziwa bwanji kampani yodalirika, ntchito isanayambe?

A Humphrey ndi anzawo adayankha kuti munthu asamvere malonjezo, koma akaone m'mene kampaniyo imagwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Mu 1987 adatulutsa muyeso wonga makwerero a masitepe asanu. Pa sitepe yoyamba pali kampani yopanda dongosolo lodalirika. Kumeneko ntchito ikayenda bwino, ndiye kuti padali munthu wina waluso amene adachezera usiku wonse. Munthuyo akadwala kapena akachoka, luso lonse limapita naye. Atayeza makampani oyambirira, adapeza kuti ambiri adali pa sitepe imeneyi, ngakhale ena otchuka. Pa sitepe yachiwiri kampani imayamba ndi chikonzero, imatsata m'mene ntchito ikuyendera, ndipo siilola munthu kusintha pulogalamu mwachisawawa anzake osadziwa. Motero imatha kubwereza chimene idachita bwino kale. Pa sitepe yachitatu njira yogwirira ntchito imalembedwa, ndipo aliyense m'kampani monse amaiphunzira, wakale ndi watsopano yemwe. Pa yachinayi ntchito imayezedwa ndi manambala. Pa yachisanu, anthu akapeza cholakwa sakhutira ndi kungochikonza, koma amafufuza chimene chidachibala, nasintha njira yawo kuti cholakwa cha mtundu umenewo chisadzabwerenso.

Masitepe amenewa sadumphika. Kampani imene siidziwa ngakhale kukonza chikonzero siingapindule ndi manambala a sitepe yachinayi, monga momwe mwana wosadziwa kuwonkhetsa sangayambe ndi kugawa. A Humphrey adafotokoza zonsezi m'buku lawo la mu 1989 lotchedwa Managing the Software Process, ndipo mu 1991 bungwe lija lidatulutsa muyesowo mokwanira ndi dzina lakuti Capability Maturity Model, mwachidule CMM. Limodzi mwa magulu oyamba kufika pa sitepe yachisanu lidali la ku Houston, lolemba mapulogalamu oyendetsa chombo cha Space Shuttle, chimene chinkanyamula anthu amoyo. Muyesowo udafalikira kunja kwa America. M'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri a ku India adaugwiritsa ntchito posonyeza ogula a kutali kuti ntchito yawo ndi yodalirika, ndipo mu 2000 mumzinda wa Chennai mudatsegulidwa bungwe lotchedwa dzina la a Humphrey.

Sikuti anthu onse adaukonda muyesowo. Makampani ena ankangofuna chiphaso cha sitepe yapamwamba kuti apeze ogula, nadzaza mashelefu ndi mapepala amene padalibe wowawerenga. Dandaulo limeneli lidali loona ndithu. Mu 2001 amisiri 17 adakumana ku Utah nagwirizana pa njira ina yopepuka yotchedwa Agile, yochepetsa mapepala ndi kulemba pulogalamu pang'onopang'ono, akumvana ndi mwini ntchito kawirikawiri. Pa nthawi yomweyo CMM nayonso idalowedwa m'malo ndi muyeso wina wokonzedwanso wotchedwa CMMI.

Koma a Humphrey adali ataona kale kuti malamulo a kampani pawokha sakwanira, pakuti wolemba mzere uliwonse ndi munthu mmodzi wokhala payekha pa kompyuta yake. Kodi mfundo zimene zidathandiza magulu a anthu zikwizikwi zingathandize munthu mmodzi? Pofuna yankho, iwo sadatume munthu wina. Nkhalamba imene idalamulirapo amisiri 4,000 idakhala pansi ndi kulemba yokha mapulogalamu ang'onoang'ono oposa 60, ntchito imene idatenga zaka zingapo.

Kachitidwe kawo kadali kotere. Asanayambe pulogalamu, ankayerekeza kuti idzakhala ndi mizere ingati ndipo idzatenga nthawi yotani, nalemba manambalawo. Poyamba ntchito ankalemba nthawi, posiya ankalembanso; wina akawadula ndi lamya, mphindi zimenezo ankazichotsera. Cholakwa chilichonse chinkalowa m'kaundula: chidali cha mtundu wanji, chidalowa pa gawo liti la ntchito, chidapezeka liti, ndipo kuchikonza kudatenga mphindi zingati. Akamaliza, ankafananiza zimene adayerekeza zija ndi zimene zachitikadi.

Kulemba zolakwa zako ndi dzanja lako si chinthu chokoma. Komabe kaundulayo adaulula zinthu zimene munthu sakadaziona mwa njira ina. A Humphrey ndi amisiri amene adawaphunzitsa adapeza kuti ngakhale mmisiri wozolowera amalakwitsa pafupifupi kamodzi pa mizere 10 iliyonse, ndiponso kuti munthu aliyense ali ndi zolakwa zakezake zimene amazibwerezabwereza. Tsono mmisiri akazidziwa zolakwa zake, amazilemba pa kapepala, ndipo akangomaliza kulemba pulogalamu amaiwerenga yekha modekha, akusaka zolakwa zomwezo, asanaipereke kuti iyesedwe. Ambiri poyamba ankaona ngati kuchita zimenezi n'kutaya nthawi. Koma cholakwa chopezeka powerenga chimakonzeka m'mphindi zochepa, pamene chopezeka pulogalamu itafika kale kwa ogula chingatenge masiku. Njira imeneyi idatchedwa Personal Software Process, ndipo idafotokozedwa m'buku la mu 1995 lotchedwa A Discipline for Software Engineering.

Padatsala vuto lina. Amisiri ophunzira njira imeneyi akabwerera kuntchito, mabwana awo ankawapatsabe masiku osatheka, ndipo chifukwa cha mantha iwo ankavomera, nabwerera ku chizolowezi chakale chothamanga. Apa a Humphrey adakonza njira ya gulu lonse, yotchedwa Team Software Process. Ntchito isanayambe, gulu limakhala pansi masiku angapo. Mabwana amafotokoza chimene akufuna, kenaka amatuluka, ndipo amisiri amakonza okha chikonzero chawo, akugwiritsa ntchito manambala a ntchito zawo zakale. Ngati manambalawo akusonyeza kuti ntchito yofunidwa m'miyezi 9 ingathe m'miyezi 14, gulu limakanena zimenezo poyera, chikonzero chili m'manja. Mmisiri mmodzi akakana tsiku, amaoneka ngati waulesi. Koma gulu lonse likabwera ndi umboni, bwana wanzeru amamvetsera, ndipo amasankha kuchepetsa ntchito, kuwonjezera anthu kapena kusuntha tsiku. Paja mutu umodzi susenza denga.

Boma la America lidapatsa a Humphrey mendulo ya National Medal of Technology ya chaka cha 2003, ndipo adailandira kuchokera kwa Pulezidenti George W. Bush ku White House mu 2005. Pa moyo wawo adalemba mabuku oposa 10. Adamwalira pa 28 Okutobala 2010 kunyumba kwawo ku Sarasota, m'chigawo cha Florida, ali ndi zaka 83.

Mawu ofunika kuwadziwa

pulogalamu: malangizo olembedwa amene kompyuta imatsata
chikonzero: dongosolo lolembedwa la ntchito isanayambe
chikombole: chipangizo choumbira njerwa
kaundula: buku lolembamo zinthu kuti zisaiwalike
mwachisawawa: mopanda dongosolo
kuyerekeza: kuganizira kukula kapena kuchuluka kwa chinthu usanachiyeze

Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino

1. Kodi kompyuta imasiyana bwanji ndi mwana wotumidwa kugolosale?
2. Bambo a Watts adachita chiyani mwana wawo atalephera kalasi yoyamba?
3. N'chifukwa chiyani amisiri a ku IBM sankakonza chikonzero, chonsecho ankadziwa kufunika kwake?
4. Kodi a Humphrey adapereka lamulo lotani, ndipo chidatsatira n'chiyani?
5. Fotokozani chifukwa chake cholakwa chopezeka mochedwa chimawononga zambiri.
6. Kampani ya pa sitepe yoyamba imasiyana bwanji ndi ya pa sitepe yachisanu?
7. Tchulani zinthu zitatu zimene a Humphrey ankalemba m'kaundula wawo.
8. Anthu ena ankadandaula chiyani za muyeso wa CMM? Inu mukuganiza kuti vuto lidali muyesowo kapena ougwiritsa ntchito? Perekani chifukwa.

Galamala

Chulukitsani mayina awa: mmisiri, chikombole, khasu, denga, mzere, bwana, chiphaso.

Pezani aneni m'chiganizo ichi: "Mabwana amafotokoza chimene akufuna, kenaka amatuluka, ndipo amisiri amakonza okha chikonzero chawo."

Pangani ziganizo zanuzanu ndi mawu awa: motero, komabe, pakuti, ngakhale, tsono.

Ntchito yoti muchite

Kambiranani m'magulu tanthauzo la mwambi wakuti "mutu umodzi susenza denga", ndipo tchulani mwambi wina wofanana nawo.

Patulani tsamba lomaliza la kope lanu. Kwa sabata imodzi, lembani pamenepo mawu onse amene mwalakwitsa pa lembetso ndi pa chimangirizo. Loweruka muwerenge kuti ndi zolakwa ziti zimene zabwerezedwa koposa, muzilembe pa kapepala, ndipo sabata yotsatira muziyang'ana kapepalako musanapereke kope kwa aphunzitsi. Fananizani chiwerengero cha zolakwa za masabata awiriwo.